Mabwinja a Amaya ndi Mau Amene Anagona m'Miyala

Bwinja la kwathu silicedwa kufafanizika. Anthu akasamuka, pakangopita mvula ziwiri kapena zitatu zipupa zadothi zimakhala zitagwa, ciswe citatha mitengo ya denga, ndipo wodutsa amazindikira ndi mitengo ya mango ndi mapale a mbiya kuti pano panali mudzi. Koma kutsidya kwa nyanja ya Atlantic kuli mabwinja amene eni ake anacokamo zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo kufikira lero nyumba zake zikali ciriri, zina zitapitirira mitengo yonse ya m'nkhalango. Awa ndi mabwinja a Amaya, mtundu wa anthu a kumwera kwa Mexico, ku Guatemala, ku Belize, ndi kumadzulo kwa Honduras ndi El Salvador.

Mwezi uno tifuna kuyenda nanu, awerengi athu, m'mabwinja angapo mwa amenewa. Alendo ambiri amapitako kukaona kutalika kwa nyumba ndi kujambulitsa zithunzi pa makwerero. Ife cimene catigwira mtima koposa ndi zolembedwa pa miyalayo, pakuti Amaya anali anthu odziwa kulemba. Nkhani ya mmene luso lowerenga malembo ao linatayikira, ndi mmene linapezekeranso, ikhudza Eklezia wathu mwa njira imene sitingathe kuilambalala.

Tikal, mzinda wopanda mtsinje

Tiyambire ku Tikal, m'cigawo ca Petén kumpoto kwa Guatemala. Mlendo amalowa mu mzindawu wapansi, m'tinjira ta m'nkhalango yowirira, anyani a kumeneko akubangula m'mitengo ndi mau oti mlendo angayese ndi cirombo. Mwadzidzidzi nkhalango itseguka, ndipo iye apezeka ataima pa bwalo lalikulu, akacisi awiri atapenyana, wina kum'mawa wina kumadzulo. Wakum'mawayo ndi wamtali mamita 47. Wamtali kupambana onse, amene akatswiri amamucha Kacisi Wacinai, afika mamita pafupifupi 70, ndipo wokwera pamwamba pake amaona nkhalango itayalika pansi, nsonga za akacisi ena zitatulukira apa ndi apo.

Kacisi wa Cimaya ndi culu cacikulu ca miyala ndi dothi, comangidwa m'magawomagawo onka nacepa kumwamba, ndipo pansonga pake ndi pamene pali kanyumba kopatulika. Kawirikawiri mfumu yatsopano sinkagumula kacisi wa makolo ake, koma inkangomukuta ndi wina wokulirapo, kotero kuti ofukula amapeza kacisi m'kati mwa kacisi mnzake. Zonsezi anazimanga popanda nkhwangwa yacitsulo, popanda ngolo, popanda ng'ombe kapena bulu. Miyala ya laimu ankaisema ndi miyala inzake yolimba, naisenza pamsana ndi lamba wokoleka pamphumi. Ina ankaitentha kuti apeze njereza yomatira zipupa ndi kuzirira mabwalo, ndipo pamwamba pake ankapaka utoto. Nyumba zambiri zimene tiziona zotuwa lero zinali zofiira psuu.

Denga ankalimanga mwa njira yaoyao. Mzere uliwonse wa miyala unkasendezedwa pang'ono m'kati kupitirira wa pansi pake, kufikira zipupa ziwiri zitayandikana moti mwala umodzi utha kutseka pamwamba. Denga lotere ndi lolemera ndipo lifuna zipupa zocindikala. Ndico cifukwa cake nyumba yooneka yaikulu kunja, m'kati mwake muli tizipinda topanikiza ndi ta mdima. Sizinali nyumba zosonkhanamo khamu monga machalichi athu. Anthu ankaima pa bwalo, mfumu ndi ansembe ali pamwamba pamene onse awaona.

Codabwitsa n'cakuti mzinda waukulu cotere unalibe mtsinje. Mabwalo ndi miseu anaizira motsetsereka kuti madzi a mvula atsikire m'maiwe okumba, ndipo madzi amenewo ndiwo ankasunga anthu m'miyezi ya cilimwe. Moyo wonse wa mzinda unali pa mvula. Mwala wotsiriza wolembedwa tsiku ku Tikal ndi wa caka ca 869. Pakati pa 800 ndi 900 mizinda ya m'cigawoci inaleka kumanga ndi kuimika miyala, umodzi ndi umodzi. Matope a pansi pa nyanja zazing'ono za kumeneko aonetsa kuti kunagwa cilala kangapo m'zaka zimenezo. Nkhalango zinali zitadulidwa kwambiri, ndipo nkhondo za pakati pa mafumu zinakula, kotero kuti ku Dos Pilas anthu anagumula nyumba zacifumu kuti apeze miyala yomangira linga. Kuculuka kwa anthu amene ankadalira nthaka imeneyi kunaoneka bwino m'caka ca 2018, pamene akatswiri analengeza kuti makina ochedwa LiDAR, opima nthaka kucokera m'ndege, aonetsa zomangidwa zoposa 60,000 zobisika pansi pa mitengo ya ku Petén. Cimene cinatha ndi maufumu. Anthu ambiri anasamukira kwina, napitiriza kulima.

Mfumu yopanda dzina

Kucokera ku Tikal tiolokere kumadzulo, ku Palenque, patsinde pa mapiri a Chiapas ku Mexico. Mzindawu ndi wocepa poyerekeza ndi Tikal, koma nyumba zake ndi zokongola kopambana, ndipo madzi ndi osasowa: timitsinje tina anatilowetsa m'ngalande za pansi pa nthaka.

M'caka ca 1949 wofukula za makedzana wa ku Mexico, Alberto Ruz, anaona kuti mwala umodzi wa pansi m'kacisi wina uli ndi mabowo otsekedwa ndi timiyala. Atautukula anapeza makwerero otsikira m'mimba mwa culu, odzazidwa dala ndi miyala ndi dothi. Iye ndi anchito ake anacotsa zimenezi caka ndi caka, ndipo mu Juni 1952 analowa m'cipinda ca manda. Munali bokosi lamwala lokhala ndi civundikiro cosemedwa mokongola, colemera matani angapo. Atacitukula anapeza mafupa a munthu wamwamuna, nkhope yake itaphimbidwa ndi timiyala tobiriwira ta mtengo wapatali tochedwa jade.

M'mphepete mwa civundikiro munali malembo, ndipo m'kacisi wa pamwamba pa mandawo munali zizindikiro zoposa 600. Dzina la munthuyo linali pomwepo pamaso pao, pamodzi ndi maina a makolo ake. Koma pa dziko lonse lapansi panalibe munthu, ngakhale Mmaya weniweni, wotha kuliwerenga.

Moto wa ku Maní

Kodi zinatheka bwanji kuti mtundu wamoyo, wolankhulabe cinenero cake, usathe kuwerenga zolemba za makolo ake? Yankho lili kumpoto, ku Yucatán, m'katauni ka Maní, makilomita pafupifupi 100 kucokera ku mzinda wa Mérida.

Pamene anthu a ku Spain anakhazikitsa Mérida m'caka ca 1542, mizinda yaikulu ija inali kale mabwinja, koma alembi a Cimaya analipobe, ndi mabuku ao. Pepala ankalipanga posula khungwa la mkuyu, monga makolo athu ankasulira nyanda, nalipaka njereza, nalipinda m'masambamasamba. Pakati pa amishoni a Cifransisko amene anafika panali Diego de Landa, amene anadza m'caka ca 1549. Anali munthu wacangu. Anaphunzira Cimaya bwinobwino, nayenda m'midzi yakutali, ndipo akuluakulu ena anamukhulupirira mpaka kumuonetsa mabuku ao.

M'caka ca 1562 kunamveka kuti anthu obatizidwa akali kupereka nsembe mobisa kwa milungu yakale. Landa, amene pa nthawiyo anali mkulu wa Afransisko m'cigawoco, anayambitsa kafukufuku wankhanza. Anthu ankapacikidwa ndi zingwe m'manja kuti aulule. Olemba mbiri amawerengera anthu oposa 4,000 ozunzidwa, ndi oposa 150 amene anafa. Pa 12 Julaye 1562, pa bwalo la chalichi ca Maní, anatentha mafano zikwizikwi pamodzi ndi mabuku, amene kawirikawiri amati anali 27. Landa yemwe analemba pambuyo pake kuti anthu anamva cisoni cacikulu ndi kutenthedwa kwa mabukuwo.

Pano tisapite m'mbali. Cimene cinacitika ku Maní cinali coipa, ndipo sikuti ndi ife a masiku ano tokha amene ticiona cotero. Patangopita milungu yocepa kunafika Ambuye Francisco de Toral, naonso Mfransisko, bishopu woyamba kukhala ku Yucatán. Iwo analetsa kuzunzako, namasula omangidwa, ndipo Landa anapita ku Spain kukayankha mlandu. Kumeneko anamupeza wosalakwa, nabwerera ku Yucatán m'caka ca 1573 ali bishopu. M'mabuku aja munalidi za milungu. Koma mabuku a Amaya ankasunganso kayendedwe ka nyenyezi, nyengo za mvula ndi mbiri ya mafuko, ndipo moto sunasankhe tsamba.

Mabuku ena anaonongedwa kwina, ena anaola ndi cinyezi. Ana anaphunzitsidwa malembo a Cilatini, alembi okalamba nafa mmodzimmodzi opanda wowalowa m'malo. Mzinda wotsiriza wa Amaya wodzilamulira wokha, Nojpetén, unagwa m'caka ca 1697. Lero mabuku akale a Cimaya amene atsala ndi anai okha: limodzi lili ku Dresden, lina ku Madrid, lina ku Paris, ndi lina ku Mexico.

Mfungulo m'buku la wotentha mabuku

Ali ku Spain, ca m'ma 1566, Landa analemba buku lofotokoza miyambo, kalendala ndi moyo wa Amaya. Zolembazo zinagona kufikira 1862, pamene wansembe wa ku France, Brasseur de Bourbourg, anazipeza ku Madrid. Pa tsamba lina panali cimene Landa ankayesa kuti ndi alifabeti ya Amaya. Iye anakhala pansi ndi mlembi wa Cimaya, namachula malembo a Cisipanya limodzilimodzi, mlembiyo namajambula cizindikiro. Koma awiriwa sankamvana. Landa pochula lemba la b ankati “be”, monga licitira m'Cisipanya; mlembi, pomva “be”, liu lotanthauza njira m'cinenero cake, anajambula cizindikiro ca phazi pa njira. Cioneka kuti mlembiyo anatopa nazo, pakuti atauzidwa kulemba ciganizo ciliconse, analemba mau otanthauza kuti iye safuna.

Kwa zaka pafupifupi 90 akatswiri anayesa kuwerenga miyala ndi alifabeti imeneyi, nalephera, ndipo ambiri anaitaya. Manambala ndi masiku a kalendala anawadziwa, koma za malembo enawo anati ndi zithunzi za maganizo cabe, zosagwirizana ndi mau a pakamwa. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. M'caka comwe Ruz anatsegula manda aja, 1952, mnyamata wa ku Soviet Union, Yuri Knorozov, amene anali asanapondepo ku America, anafalitsa ganizo lakuti zizindikiro za Landa si malembo amodziamodzi ai, koma maphatikizo.

Ife amene tinaphunzira kuwerenga poimba ba, be, bi, bo, bu pa sileti sitingavutike kumva zimenezi. M'buku lina lakale, pamwamba pa cithunzi ca nkhukundembo, panali zizindikiro ziwiri. Coyamba cinali cimene Landa anacilemba kuti cu, ndiye kuti ku. Nkhukundembo m'Cimaya ca ku Yucatán ndi kutz. Conco caciwiri ciyenera kukhala tzu, lemba lotsiriza losachulidwa. Knorozov anayang'ana pa cithunzi ca galu, ndipo tzu yemweyo anali patsogolo, motsatidwa ndi cizindikiro cimene Landa anaciika pa l. Galu ndi tzul. Apa panalibenso kukayika kuti miyalayo inalembedwa m'cinenero ca anthu omwe ankalima cimanga m'mphepete mwa mabwinjawo.

Katswiri wamkulu wa nthawiyo, Eric Thompson wa ku England, anatsutsa ganizoli kufikira imfa yake m'caka ca 1975, ndipo ambiri anaopa kusiyana naye. Koma m'caka ca 1960 mai Tatiana Proskouriakoff anaonetsa kuti masiku olembedwa pa miyala ya ku Piedras Negras amagwera m'magulu olingana ndi moyo wa munthu: kubadwa, kulowa ufumu, kufa. M'caka ca 1973 akatswiri anasonkhana ku Palenque komweko, nayala mndandanda wa mafumu a mzindawo. Munthu wa m'manda uja anapezanso dzina lake: K'inich Janaab Pakal, ndipo pakal ndiye kuti cishango. Anabadwa m'caka ca 603, analowa ufumu ali ndi zaka 12, nalamulira zaka 68 kufikira imfa yake m'caka ca 683.

Umboni wina wokondweretsa unacokera ku Río Azul ku Guatemala, kumene m'caka ca 1984 anapeza mphika m'manda. Pa mphikapo panawerengedwa ka-ka-wa. Atapima zotsalira za m'kati mwake anapeza kuti munalidi koko, mbeu imene apangira chokoleti.

Zimene miyala inanena

Malembo asanawerengedwe, anthu ophunzira ankakonda kunena kuti Amaya anali mtundu wamtendere, wolamulidwa ndi ansembe ongopenya nyenyezi. Miyala itayamba kumveka inasimba zina: maukwati a mafumu, mapangano, nkhondo za mibadwomibadwo pakati pa Tikal ndi Calakmul, ndi akapolo ogwidwa kunkhondo olembedwa maina ao. Mwala wina wa ku Yaxchilán, umene tsopano uli ku British Museum ku London, uonetsa mfumukazi Xook ikukoka cingwe caminga pa lilime lake kuti ikhetse magazi a nsembe, m'caka ca 709.

Ku Chichén Itzá, kum'mawa kwa Mérida, nzeru ndi magazi zili pa bwalo limodzi. Awa ndiwo mabwinja ocezeredwa ndi alendo kupambana onse a Amaya, ndipo mzindawu unakula pamene ya kumwera ija inali kugwa. Kacisi wake wochuka ali ndi makwerero ku mbali zonse zinai, masitepe 91 mbali iliyonse. Kuphatikizapo sitepe ya pamwamba akwana 365, masiku a caka. Mu Malichi ndi mu Seputembala, pa nyengo imene usana ndi usiku zilingana, dzuwa la madzulo limaponya mthunzi wokhotakhota pa makwerero a kumpoto, ndipo umaoneka ngati njoka yotsikira ku mutu wake wamwala umene uli pansi. Kukwera kacisiyu tsopano n'koletsedwa.

Amaya ankawerenga m'makumi awiriawiri, ndi zizindikiro zitatu zokha: kadontho ndiye 1, kamzere ndiye 5, ndipo cigoba ca nkhono ndiye ziro, imene Aroma ndi nzeru zao zonse analibe. M'buku la ku Dresden muli mawerengero a nthanda, imene imabwerera pa malo ake m'masiku 584, ndi a nthawi zimene kadamsana angacitike. Mphekesera ija ya 2012, yakuti Amaya analosera kutha kwa dziko pa 21 Disembala, inali ya anthu akunja. Kwa eni ake tsikulo linali kutha kwa nyengo imodzi yaitali ya kalendala ndi kuyamba kwa ina.

Koma kanjira kocokera pa kacisiyo kamatsogolera ku citsime cacilengedwe cotambalala mamita pafupifupi 60. Pamene anayamba kuvuula za pansi pake m'caka ca 1904 anatulutsa golide, jade, lubani, ndi mafupa a anthu, ena mwa iwo ana, operekedwa kwa Chaac, mulungu wa mvula. Amishoni sananame ponena kuti kunali nsembe za anthu. Pokhapo, zingwe za ku Maní sizinali mankhwala ake.

Eni mabwinja

Alendo ena amafunsa owaperekeza kuti Amaya anapita kuti, osadziwa kuti amene akumufunsayo ndi Mmaya. Alipo mamiliyoni angapo, olankhula zinenero pafupifupi 30. Amalimabe cimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi. Cimanga ca nsima yathu cinayambira kumwera kwa Mexico, ndipo cinafika ku Africa ndi zombo za Apwitikizi. Buku la Popol Vuh, la Amaya a mtundu wa K'iche', limati milungu inayesa kuumba munthu ndi dothi, kenaka ndi mtengo, koma munthu weniweni anaumbidwa ndi cimanga coyera ndi cacikasu. Bukuli linapulumuka cifukwa wansembe wa Cidominiko, Francisco Ximénez, atalionetsedwa ku Chichicastenango ca m'ma 1701, analikopera ndi kulimasulira m'malo molitentha.

Masautso ao sanathere m'nthawi ya atsamunda. M'nkhondo yapaciweniweni ya ku Guatemala, kuyambira 1960 kufikira 1996, anthu pafupifupi 200,000 anaphedwa kapena kusowa, ndipo oculuka anali Amaya. Ambuye Juan Gerardi, bishopu amene anatsogolera nchito yosonkhanitsa umboni wa opulumuka, anaphedwa pa 26 Epulo 1998, patangopita masiku awiri atapereka lipoti lake.

Woyenda pakati pa Mérida ndi Chichén Itzá apatuke pang'ono aone Izamal, tauni ya nyumba zopakidwa cikasu. Nyumba ya Afransisko ya kumeneko inamangidwa pamwamba pa culu ca kacisi wa Cimaya, ndi miyala yake yomwe, ndipo Landa anali mmodzi wa oimangitsa. Pa bwalo lake Papa Yohane Paulo Waciwiri anakumana ndi eni nthaka a ku America pa 11 Ogasiti 1993. Pa 15 Febuluwale 2016 Papa Fransisko anapereka Misa ku San Cristóbal de las Casas, ku Chiapas, mawerengo ndi mapemphero zikumveka m'zinenero za Tzotzil, Tzeltal ndi Ch'ol, ndipo anati n'koyenera kupempha cikhululukiro kwa anthu amene cikhalidwe cao cinanyozedwa.

Malembo akale aja tsopano awerengeka mbali yaikulu, ndipo Amaya ena akuwaphunziranso, nalemba nao maina ao ndi a midzi yao. Manambala ao afika mpaka pa msika: pa ndalama yapepala ya ku Guatemala ya maquetzal 5 pali kamzere kamodzi pakona, ndipo pa ya 20 pali kadontho kamodzi pamwamba pa cigoba ca nkhono.